Tsiku Limene Anatiombera M'manja

Ine sukulu ndinalekeza kalasi yoyimba nyimbo, koma ku yunivesite ndagonako. Musaseke. Ndagonako pabedi lenileni, chipinda chapamwamba, zenera loyang'ana pamene amayanika zovala.

Chinandipititsako ndi chotupa cha m'mimba. Madokotala a chipatala chachikulu anati ndizibwera m'mawa uliwonse kuti makina awo azichiwotcha. Mumzindamo ndinalibe wachibale kupatula mwana wa malemu mchimwene wanga, mtsikana wophunzira zamalamulo. Ine ndimamutcha Aloya. Ankakhala m'nyumba ya ophunzira imene amasakaniza dala ana a mayiko osiyanasiyana, awiriawiri m'chipinda, kuti aziphunzitsana makhalidwe. Malowo anawapeza ndi mutu wake, sankalipira kanthu, ndipo kunja kwa mpandawo sakanakwanitsa ngakhale khonde. Lamulo lalikulu pamenepo ndi limodzi: mlendo sagona.

"Azakhali, mukafuna kutsokomola muzitsokomolera mupilo," anatero tsiku loyamba. "Akakupezani, ine sukulu yathera pomwepo."

"Ndiye udzadziyimira wekha pamlandu. Si ndiwe loya?"

Anangoyala bulangete pansi, pakati pa mabedi awiri, n'kundipatsa bedi lake.

Mnzake wa m'chipindamo anali mtsikana wochokera kutali kwambiri, wamtali moti ndinam'patsa dzina loti Nsungwi. Mtima wake unali wabwino moopsa, mtima wosadziwa kubisala. Ndikabwera kumakina ndikusanza, iye ndiye ankagwira beseni n'kumandisisita msana. Ine ndinkamuphunzitsa chilankhulo chathu, kuyambira mawu otukwana, poti ndi amene munthu amawafuna msanga.

Popita kubafa ndinkanyamula mopu ndi ndowa. Mukanyamula mopu palibe amene amakuyang'anani kumaso. Wophunzira wina wamagalasi mpaka anandidandaulira kuti sinki yatsekeka. Ndinamuuza kuti nkhaniyo ndikaitula kwa akuluakulu. Ngakhale mayi woyang'anira nyumbayo, amene ndinkamutcha Amakiyi poti makiyi ake ankafika iye asanafike, ankandidutsa pamasitepe n'kunena kuti, "Zikomo, mayi, mukugwira ntchito."

Teremu ili pakati, Loweruka lina masana, ophunzira onse anasonkhana m'holo yapansi. Aliyense ankayimirira n'kunena chimene waphunzira kwa mnzake wa m'chipinda. Ine ndinali gone pamwamba, mimba ikutentha. Ndinangoona chitseko chatseguka, Nsungwi ali wefuwefu.

"Azakhali, tiyeni! Tiyeni!"

"Kuti, iwe mtengo wamagetsi?"

"Zabwino, azakhali. Zabwino kwambiri!"

Ine ndinkati kuli keke. Anandigwira dzanja, mopu n'kutsala kuseri kwa chitseko.

M'holomo munali timbendera tapepala ndi anthu thothotho. Aloya anali kutsogolo. Atandiona anadzuka pang'ono, n'kukhalanso pansi. Nsungwi anandiyimika pambali pake n'kuyamba kulankhula chilankhulo chasukulu. Zimene ananena Aloya anachita kundimasulira pambuyo pake. Akuti kwawo agogo ake anamwalira okhaokha m'nyumba yosungira okalamba, iye ali kalikiliki ndi mayeso. Akuti kuno waona mtsikana akugona pasimenti masabata onsewa kuti azakhali ake odwala agone pabedi. Akuti chimenechi ndicho waphunzira, ndipo sadzaiwala.

Abale, kuomba m'manja kwake! Anthu anayimirira. Amakiyi ankapukuta misozi ndi nsonga ya mpango. Ine, poti anthu akaomba m'manja thupi langa silifunsa, ndinawerama ngati woyimba, n'kugwedezako chiuno pang'ono. Holo yonse inafa ndi kuseka. Nditacheuka, Aloya anali akuyang'ana nsapato zake.

Lolemba m'mawa makiyi anamveka akukwera masitepe. Amakiyi anagogoda mwaulemu, n'kukhala pabedi la Nsungwi.

"Mukupeza bwanji, mayi?"

"Ndikupeza ngati mlendo wagwidwa," ndinatero.

Anatembenukira kwa Aloya. "Mwana wanga, ndikanamva ndekha ndikanatseka khutu. Koma anamva onse, ndi akuluakulu a sukulu omwe. Ena ayamba kale kundifunsa ngati nawonso angabweretse abale awo."

"Ndituluke ine," ndinatero. "Mwanayu sadziwa kanthu. Ndinalowera pazenera ngati mphaka."

"Pazenera lapamwamba, mayi?" anatero Amakiyi. "Mutuluka nonse awiri. Lamulolo iye akulidziwa kuposa ine."

Aloya anatsitsa sutikesi pamwamba pa kabati n'kuyamba kupinda zovala. Nsungwi ndiye analira ngati wafedwa.

"Koma anaomba m'manja! Onse anaomba m'manja!"

Nsungwi anathamangira kumaofesi, anapempha kuti achotsedwe iyeyo, anagwada ndi maondo ake aataliwo. Kulikonse anamuyamikira chifukwa cha mawu ake okhudza mtima, n'kumuuza kuti palibe chimene angachite. Potuluka pageti anafuna kunyamula sutikesi ya Aloya. Aloya anaigwiritsa, n'kunena motsitsa kuti, "Basi, wachita zokwanira."

Panopa timagona pakhonde la chipatala, pamene amagona odikirira odwala, mitu titatsamira zikwama. Poyamba Aloya ankadzuka m'bandakucha n'kuyenda pansi mpaka kusukulu. Kenako anayamba kujomba. Sabata yatha anapatsa Nsungwi mabuku kuti akabweze kulaibulale, ndipo tsopano amatsuka mbale pakantini ya tsidya la msewu. Manja ake ayera ndi sopo ngati a munthu wogwa m'madzi.

Dzulo tili pamzere wa makina ndinamuuza Aloya kuti ndatopa, ndikufuna kubwerera kwathu. Ndinati ndawotchedwa mokwanira, ndatsala kungothiridwa mchere. Ndinati iye apite akagwade, mwina popanda ine angam'bwezere bedi.

"Bedilo anapatsa kale wina," anatero. "Ndipo mukapita osachira, ndiye kuti ine ndataya zonsezi pachabe. Khalani pansi, azakhali, akuitanani posachedwa."

Ndinakhala. Dokotala anandiuza kale, Aloya ali kukantini, kuti chotupacho sichikuchepa. Pakamwa pangapa pamene sipanasowepo chonena, mawu amenewo akukana kutuluka. Namwino ataitana, ndinadzuka, iye n'kundinyamulira chikwama mpaka pachitseko.