Ella Sanakwere Lole

Ulendo wa Sitandade 5 wokaona nkhalango ya paini paphiri la Zomba unayenera kukhala ndi aphunzitsi awiri. Koma m'mawa wa Lachisanu lija, ana atakwera kale lole, ahedi, a Gilson Matewere, anabwera mwandawala kudzanena kuti a Winston, mphunzitsi wachiwiriyo, sapita nawo. Mphunzitsi wa Sitandade 8 anali atagonekedwa m'chipatala, ndipo kalasi ya mayeso sikanakhala yokha.

"Mukwanitsa, a Namakhwa," anatero ahediwo. "Si ana anu omwe a masiku onse?"

Vera Namakhwa anayang'ana ana odzaza m'lole muja. Chiyambireni sukulu yaulere zaka ziwiri m'mbuyomo, kalasi yake inali ndi ana 132. Kuyambira Febuluwale ankaphunzitsanso Sitandade 3, mwini wake atasiya ntchito n'kupita ku Blantyre. Ana amene makolo awo anavomera ulendowu anali 87.

Kuphiri kunali chisanu cha mu Juni. Atangotsika, ana anabalalika ngati nkhuku zotsekulira khola. Ena anathamangira kumadzi, ena m'mitengo kukafuna mabulosi, wina anagwa pamwala n'kung'ambika bondo. Pofika masana mawu a Vera anali atasasa.

Cha m'ma 3 koloko chifunga chinayamba kutsika, ndipo dalaivala wa lole, a Lucius, analiza hutala. Vera anaima pakhomo n'kumawerenga ana akukwera. Anapeza 86. Anawatsitsa onse, anawaika m'mizere ya khumikhumi, n'kuwerenganso. Anapezabe 86. Anatulutsa pepala la mayina n'kuyamba kuitana mmodzimmodzi.

"Ella Chapola."

Panalibe woyankha.

"Ndani wamuona Ella?"

Ana anayankha pamodzi. Wina anati anamuona kumtsinje, wina anati m'mapaini, wina anaumirira kuti Ella sanabwere n'komwe.

Mlonda wa nkhalango, bambo wachikulire wovala jasi lalitali, anamva phokosolo n'kubwera. Anati dzina lake ndi Lajabu.

"Mwanayo ngwotalika bwanji, amayi? Ngwoyera kapena wakuda? Wavala juzi yotani?"

Vera anayesa kumukumbukira mwanayo. Kope la Ella ankalidziwa: zilembo zopendekera kumanzere, masamu osalakwa kawirikawiri. Ankadziwanso kuti amakhala chakumbuyo, kufupi ndi zenera losweka. Nkhope yokha ndi imene inakana kubwera.

"Wavala yunifolomu," anatero motsitsa mawu.

"Onsewa avala yunifolomu," anatero a Lajabu, osati monyoza.

A Lucius anafika pafupi. "Madamu, chifungachi chikangokula ine sinditsika. Makona a msewu uwu mukuwadziwa. Tinyamuke pano, apo ayi tigona konkuno."

Vera anayang'ana ana aja. Ambiri analibe juzi, ena analibe nsapato, ndipo aang'ono anali atayamba kugwedera mano. Anang'amba pepala m'kope, analemba mizere itatu, n'kulipinda.

"Mukawatule pasukulu penipeni. Musatsitse mwana panjira, olo anene kuti kwawo ndi pomwepo. Kalatayi mukapereke m'manja mwa ahedi."

Lole itazimiririka m'chifunga, Vera ndi a Lajabu anatsata mtsinje wa Mulunguzi akuitana dzina la mwanayo. Vera ankafuula koma mawu ankangothera pakhosi. Miyala inali yoterera, ndipo pamtunda wa mapazi khumi munthu sankaoneka. Atafika padziwe lina lakuya, a Lajabu anathyola mtengo wautali n'kuyamba kupisa m'madzi pang'onopang'ono. Vera atazindikira chimene ankafufuza, anagwira tsinde la paini n'kuyang'ana kumbali.

"Palibe," anatero a Lajabu patapita nthawi. "Tiyeni kutsogolo."

Anayenda pafupifupi ola. Kenako anamva kulira kwa sowo, ndipo anapeza amuna awiri akumaliza kucheka matabwa. A Lajabu anawafunsa.

"Kamtsikana ka yunifolomu?" anatero mmodzi wa iwo. "Kadutsa pano cha m'ma 2, ndi azimayi a nkhuni a ku Chinamwali aja. Kanasenza kamtolo."

"Kamalira?" anafunsa Vera.

"Ayi, kamacheza bwinobwino. Mmodzi kamamuitana kuti amayi."

A Lajabu anamuperekeza mpaka poyambira njira yachidule ya anthu a nkhuni, n'kubwerera kuntchito yawo. Vera anatsika yekha. Anagwa kawiri, nsapato imodzi inaduka lamba, ndipo anafika ku Chinamwali kukuyamba kuda. Anafunsa nyumba zinayi asanamulozere kwa a Chapola.

Pabwalo panali mtsikana wowonda, wa chipsera pachibwano, akumasula mtolo wa nkhuni. Ataona aphunzitsi ake anagwada.

"Ella, wachokeranji osanena?"

Mwanayo anadabwa. "Ndinakuuzanitu, Madamu. Munkamanga bondo la Chifuniro. Ndinati ndaona amayi, ndikufuna ndiwathandize nkhuni. Inu munati, 'Eya, eya, pita.'"

Vera anakumbukira bondo lija ndi magazi ake. Anakumbukira manja ambiri akumukoka chitenje, wina akufuna madzi, wina akudandaula kuti amulanda chigumu. Mawu a Ella sanawakumbukire. Mayi a mwanayo anatuluka m'nyumba akupepesa n'kumupatsa madzi. Vera anakhala pakhonde n'kumwa madziwo.

Kusukulu anapeza a Matewere ataima pakhomo la ofesi. Ana onse anali atafika bwino n'kupita kwawo. Ahediwo anali atatuma a Winston kupolisi.

"Mwana ali kwawo," anatero Vera, n'kufotokoza mwachidule.

A Matewere anapuma mozama, kenako nkhope inauma. "Ana 86 mwawapereka kwa dalaivala, opanda mphunzitsi. Lole ija ikanagwa tikananena chiyani?"

"Ndinali ndekha, ahedi."

A Matewere anayang'ana nsapato yoduka ija. Anamuuza kuti Lolemba alembe lipoti. Kenako anakanda mutu.

"Pali nkhani ina. A Winston akhala ku Sitandade 8 mpaka mayeso. Ndiye Sitandade 4 yawo ija ndimaganiza kuti..."

"Ayi."

"Sindinamalize, a Namakhwa."

"Musandionjezere ana ena, ahedi. Amene ndili nawowa akamalankhula sindikuwamva."

A Matewere anavula mandala n'kupukuta m'maso. Nawonso anali ndi Sitandade 7 pamwamba pa ntchito ya ofesi, ndipo makalata atatu opempha aphunzitsi anali asanayankhidwe.

"Chabwino, ndiwaphatikiza ndi anga," anatero. "Sindikudziwa kuti akhala pati."

Anakiya ofesi n'kuika makiyi m'thumba.

"Tiyeni tikawabweze a Winston, apolisi asanayambe kukwera phiri."

Vera anavula nsapato zonse ziwiri, anazinyamula m'manja, n'kuwatsatira.