Mbuzi Imene Inadya Phiko la Mngelo

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zitatu. Utelala ndinaugwira zaka makumi anayi, masuti aukwati amene ndinasoka sindingawawerenge, koma palibe wachibale amanditchula Atelala. Pabanja pathu ine ndine Wambuzi basi.

Dzinali linachokera pa sewero la Khirisimasi kutchalitchi kwathu, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ine ndinali mbusa, ndipo anandipatsa mbuzi yeniyeni kuti ndiimangirire ku mwendo wa benchi. Achemwali anga anali mngelo, atavala mapiko amapepala. Atangokweza manja n'kunena kuti, "Musaope!" mbuzi ija inatulukira kumbuyo kwawo n'kuyamba kudya phiko lakumanzere. Mngelo anakuwa, nathawa kudutsa pakati pa mpingo, mbuzi ili pambuyo. Tsiku lomwelo bambo anandikwapula, ati sindinamangitse chingwe.

Kuyambira pamenepo, Khirisimasi iliyonse tikakhala pa tebulo achemwali amasimba nkhaniyi. Mbuziyo imakula chaka ndi chaka. Kale inali kamwana chabe, koma pano ili ndi ndevu zofika pansi ndi nyanga ngati za ng'ombe.

Chaka chathachi tinakumana kwa achimwene athu aakulu. Iwowa ndi mkulu wa mpingo, munthu woti akangotsokomola ana amasiya kusewera. Anali atadwala m'mimba masabata awiri, ndipo anagamula okha kuti nthawi yawo yakwana. Tinawapeza atagona pa sofa pabalaza, bulangete lili m'khosi ngakhale kunkatentha, Baibulo lili pachifuwa.

Chakudya chitangofika pa tebulo, iwo anakweza dzanja.

"Musanadye, tulutsani ana," anatero ndi mawu ofooka. "Ndili ndi choti ndiulule. Sindingakaonekere pamaso pa Mulungu nditasenza katundu ameneyu."

Ana ndi adzukulu anatuluka. Tinatsala anayi: ine, achemwali, odwalawo ndi akazi awo, alamu anga. Alamu anakhala pansi pang'onopang'ono, supuni yaikulu ili m'manja. Achemwali anandigunyuza ndi chigongono.

"Ndinkadziwa ine," anandinong'oneza. "Pali mwana kwinakwake."

"Nenani, bambo," anatero alamu. "Mkaziyo ndani? Ngati ndi uja wa kwaya, woimba atatsinzina uja, nenani ndikadali ndi mphamvu."

"Si za mkazi ayi," anayankha achimwene. "Ndi za mbuzi ija." Anatembenukira kwa ine, misozi ili chuchuchu. "Mng'ono wanga, chingwe chija unamanga bwino. Mfundo ziwiri, ndinaziona ndi maso anga. Anamasula ndine."

"Inu?"

"Ine ndemwe. Ndinkafuna kukhala Yosefe, koma aphunzitsi anandipatsa kukhala bulu. Komanso osati mutu wake, miyendo yakumbuyo! Ndinali nditawerama pansi pa chiguduli, mtima ukuwawa, ndiye ndinangotulutsa dzanja n'kukoka chingwe."

Ndinangoti kukamwa yasa. Zaka zonsezi nanenso ndinkakhulupirira kuti wolakwa ndine. Ngakhale pa ntchito, ulusi uliwonse ndinkaumanga katatu, mpaka anzanga kundiseka.

Woyamba kupsa mtima anali alamu.

"Mbuzi? Mwatulutsa ana, mwaziziritsa chakudya, mtima wanga wafika pakhosi, chifukwa cha mbuzi? Ine ndimayesa mwachita tchimo looneka!"

Achemwali nawo anaimirira, manja ali m'chiuno.

"Achimwene, mwandiwonongera nkhani. Zaka makumi asanu ndi limodzi ndikuikonza bwinobwino, lero ndiyambirenso? Simukanapita nayo kumanda mwakachetechete ngati anthu ena?"

Odwalawo anagwira dzanja langa.

"Wandikhululukira?"

"Sindinamve bwino, makutuwa akalamba," ndinatero. "Bwerezani."

Anabwereza. Ndinawauza kuti abwerezenso kachitatu, makamaka pa miyendo yakumbuyo paja. Kenako ndinawakhululukira ndithu, ndi mtima wonse, chifukwa dzanja lawo linali lopepuka ngati la mwana, ndipo ndinachita mantha kuti mwina akupitadi.

"Ndiye iwe utipempherere chakudya," anatero achimwene.

Chibadwire changa ndinali ndisanapatsidweko pemphero pabanja pathu. Imeneyo inali ntchito ya bambo, ndipo atamwalira anaitenga achimwene. Tinaitana ana, onse anatsinzina. Ndinayamba bwino, kuthokoza chifukwa cha moyo ndi mvula. Koma nditafika pa "mutikhululukire zolakwa zathu", achemwali anaphulika kuseka m'mphuno, ine ndinatsatira, ndipo sofa inayamba kugwedezeka ndi phwete la odwala. Pakati pa kuseka komweko ndinakumbukira mayi athu, mmene anakhalira masiku atatu akumata mapiko aja pakhonde, akuimba nyimbo yosamveka mawu. Misozi inatsika, mawu anakana kutuluka. Amen anamunena ndi alamu, chifukwa chakudya chinali chitazizira kale.

Patapita masiku awiri, mwana wamkazi wa achimwene anawakakamiza kupita kuchipatala. Adokotala anawapima, nanena kuti anangodzimbidwa. Anawapatsa mankhwala a m'botolo, ndipo pofika Chaka Chatsopano achimwene anali akuyenda okha, akudzudzula anthu monga kale.

Lachiwiri lotsatira anabwera kwanga m'mawa, chipewa chili m'manja.

"Mng'ono wanga, zimene munthu amalankhula akudwala si zonse zoyenera kumveka panja. Ija ikhale ya pabanja."

"Mwachedwa," ndinawauza. "Alamu anakafotokoza kale ku msonkhano wa amayi. Akuti abusa anaseka mpaka kuvula magalasi."

Anakhala pa mpando, napukusa mutu nthawi yaitali. Ndinawaphikira tiyi. Tinayamba kukamba za nyumba imene tinakuliramo, ndipo posakhalitsa tinakangana za chitseko chake. Iwo akuti chinali chobiriwira, ine ndikuti chinali chofiira. Anachoka dzuwa litapendeka, nkhaniyo isanathe, ndipo ananena kuti Lachiwiri linalo abwera ndi achemwali kuti adzatiweruze.