Chingwe Cholowa pa Windo

Galimoto yamagetsi ya pakampani yosindikiza mabuku inayamba kudabwitsa mwini wake, mayi amene antchito onse ankangomutchula kuti a Madamu. M'mawa inkatuluka batire ili yodzadza, koma madzulo inkabwera itatsala pang'ono kutheratu. Chonsecho mtunda sunasinthe: masukulu awiri ndi maofesi angapo basi.

"A Chipewa, galimotoyi mukumapita nayo kuti?" anafunsa tsiku lina.

Dalaivalayo, bambo wachikulire amene sankavula chipewa ngakhale m'nyumba, anangokanda m'khosi. "Ndi kutenthaku, Madamu. Mabatire sagwirizana ndi dzuwa."

A Madamu anaona kuti apa pali kanthu. Mwina matola, mwina kachibwenzi kwinakwake. Lachitatu masana anakwera njinga yamoto ya hayala n'kumatsatira galimotoyo chapatali.

Itakhota pa golosale yobiriwira, a Madamu anadabwa. Msewu umenewo ankaudziwa ngati chikhatho chawo. Galimoto inakaima kuseri kwa nyumba imene iwo anakuliramo, momwe bambo awo ankakhala okha chimwalirire mayi.

Anaona a Chipewa akutsika mothamanga, akutsegula kachitseko kotchajira, akulowetsamo kachipangizo kokhala ndi soketi. Kenako anatambasula chingwe chachitali chofiirira n'kuchiponyera mkati kudzera pa windo la kuchipinda.

A Madamu analowa osagogoda.

Bambo awo anali pabedi, atatsamira mapilo atatu, timachubu tili m'mphuno. Pambali panali makina aakulu ngati kasutikesi, akulira chapansipansi. Munthu uja anali atatha. Wotchi yawo inali itatsetsereka mpaka pafupi ndi chigongono.

"Ababa!"

Mkuluyo anatsegula maso, n'kudzidzimuka kuposa mwana wake. "Iwe, wadzatani kuno nthawi ya ntchito?"

"Ichi n'chiyani, ababa? Chayamba liti?"

"Ndi kachifuwa chabe."

"Kachifuwa? Kachifuwa ka makina?"

A Chipewa anali ataima pakhomo, chipewa chili m'manja. Mutu wawo wadazi a Madamu anali asanauonepo.

"Ndineneretu, Madamu, mundichotse ntchito nditanena. Tsiku lija munandituma kudzasiya kalendala, ndinawapeza pansi apa akubanika, milomo itada. Makinawa anawapatsa kuchipatala, amathandiza kupuma. Koma dera lino magetsi akumazima masana onse, kuyambira 12 koloko mpaka cha m'ma 3. Ndinasowa mtengo wogwira. M'pamene ndinakumbukira zimene anatiphunzitsa potenga galimotoyi, zoti imatha kuyatsa ngakhale filiji. Ndinangoyesa. Makina analira."

"Kalendala ija? Papita milungu isanu!"

"Isanu ndi masiku awiri. Ndikamaliza pano ndimathamangira kumasukulu."

"Ndiye osandiuza?"

"Ndinamulumbiritsa ndine," anatero mkuluyo, akupumira pakati pa mawu. "Uli ndi ana, uli ndi kampani. Ndinati ndikapezako bwino ndikuuza ndekha."

A Madamu anakhala pansi, pasimenti pomwepo. Lamlungu lililonse ankaimba foni, bambo awo n'kumayankha mwachidule kuti, "Tili bwino, moni kwa ana." Iwo ankati ndi khalidwe la anthu okalamba, kusakonda foni. Sanaganizepo kuti munthu akusunga mpweya.

"Nanga Loweruka ndi Lamlungu, galimoto ikakhala yotsekeredwa kuofesi?"

A Chipewa anayang'ana pansi.

"Timatsegula mawindo onse," anatero mkuluyo. "Ndimangokhala phee, osagwedezeka, mpaka magetsi abwere."

A Madamu anagwira pakamwa. Anatuluka panja, n'kukaima pafupi ndi galimoto ija. Ali pomwepo anaimbira mchimwene wawo.

"Achimwene, siyani zimene mukuchitazo mubwere kwa ababa. Ayi, ali moyo. Ingobwerani."

Kenako anatembenukira kwa dalaivala. "Katundu watsala m'galimotoyu mukwere naye njinga yamoto ili panjayo. Galimoto isachoke pano."

Magetsi atayaka, a Madamu ndi mchimwene wawo ananyamula mkuluyo pamodzi ndi makina ake kupita nawo kwa dokotala. Mkuluyo anakana kwamtuwagalu kusamukira kwa mwana wake, choncho a Madamu ndi amene anasamuka. Anabweretsa matiresi ndi ana awo awiri, n'kuyala pabalaza.