Makala a Achemwali

Onesimo atatsegula geti la nyumba yake ku Chilomoni, chikwama chikadali paphewa, anaona mzere wa fumbi lakuda ukulowera kuseri. Anautsatira. Kumeneko anapeza matumba a makala ataunjikidwa mpaka pawindo la khitchini, ndipo pambali pake panali Margret, mchemwali wake wamkulu, akusasa chitenje.

Onesimo anali akuchokera ku Lilongwe, komwe anatha sabata yonse akulemba ndi anzake ndondomeko ya dziko yochepetsera mpweya woipa umene umadza chifukwa chodula mitengo. Mutu unali utalema. Chomwe ankafuna ndi madzi osamba basi.

"Mwafika bwino, achimwene?" anatero Margret. "Musadabwe. A zankhalango akulanda makala kumsika kwathu ku Ndirande. Ndiye ndati ndisungize kwa mwinimbumba, kuno safikako."

Onesimo anatula chikwama pansi. "Achemwali, Lolemba kukubwera alendo pano. Mabwana a kuofesi ndi azungu otithandiza, makamera ali m'manja. Akufuna aone banja la m'tauni lophikira gasi, ndipo asankha nyumba yanga."

"Makamerawo amaona ndi kuseri komwe?"

"Amasuzumira paliponse."

Matumbawo sanali a masewera. Ndiwo anali oti ayendetse chinkhoswe cha Anjelina, mwana wa Margret, mwezi wotsatirawo, ndipo nkhoswe anali Onesimo yemweyo, malume wake. Kwawo ku Thyolo, mlongo akathawira kwa mwinimbumba sabwezedwa pakhomo, ngakhale atabwera ndi mlandu pamutu. Onesimo ankazidziwa bwino zimenezi. Ankadziwanso kuti kontilakiti yake inali pafupi kutha, ndipo wofunika kuisainira anali m'gulu la alendowo.

"Kodi m'buku lanulo, ife ogulitsa makala mwatiika pati?" anafunsa Margret.

"Mulimo. Talemba kuti muthandizidwe kuyamba ntchito zina. Ulimi wa njuchi, mwachitsanzo."

Margret anaseka mpaka kutsokomola. "Njuchi mu Ndirande? Mng'omawo ndikaupachika pati, pachingwe choyanikira zovala cha alandilodi?"

Onesimo sanaseke. Funso lomwelo analifunsa iye kumsonkhano kuja, ndipo wapampando anangoyang'ana wotchi n'kunena kuti za m'tauni adzaziona m'gawo lachiwiri.

"Koma inunso mukuliona phiri lanu lija momwe layerera," anatero Onesimo motopa. "Tikubwera m'tauni muno linali ndi mitengo. Lero mvula ikagwa, madzi amatsika ndi miyala. Khoma lanu linagwa ndi chiyani?"

"Linagwa, sindikukana. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene. Mitengo yanuyo idzakula Anjelina ali ndi zidzukulu."

Jesinta, mkazi wa Onesimo, anali akumvetsera ali pakhomo la khitchini. "Bwanji tingowaphimba ndi lona matumbawa?" anatero. "Akafunsa, tidzati ndi simenti."

Onesimo anayang'ana fumbi lomwe linali litadetsa kale bwalo, naganizira za pakamwa pa aneba. Mapanga awiri avumbwitsa. Mtima unamuwawa, koma mantha ndiwo anakula.

"Achotseni mawa, achemwali. Alendo akapita mudzawabweretse."

Ankayembekeza mkangano, mwinanso kutukwanidwa kumene. Margret anangomanga chitenje, n'kuyankha kuti, "Ndamva, achimwene." Anatsazika mlamu wake bwinobwino, tiyi osamwa.

Lamulungu anthu atatuluka m'tchalitchi, Margret anabwera ndi amuna a njinga. Anamangirira matumba aja, nauyamba wa ku Ndirande. Sanafike nawo. A zankhalango anali atatchinga msewu, ndipo makala onse anakwera lole ya boma. Nkhaniyi Onesimo anaimva kwa Jesinta, pakuti mchemwali wake sanaimbe foni.

Lolemba alendo anafika ndi magalimoto oyera. Jesinta anayatsa gasi, azungu anaomba m'manja, ndipo Onesimo anafotokoza za nkhalango ndi mpweya mosadodoma, ngati mwana woloweza katekisimu. Alendowo anamwa zoziziritsa kukhosi n'kumapita. Kuseri kwa nyumba sanapondeko n'komwe.

Sabata itatha, Onesimo analimba mtima n'kukwera minibasi ya ku Ndirande. Njira yonse ankakonza mawu opepesera, koma onse ankamveka ngati a kumsonkhano. Atakhota kanjira ka kwa Margret, anapeza anthu atakhala pamkeka pakhonde. Anali akuchimuna, abale a mnyamata wofunsira Anjelina. Pampando wokhawo wa m'nyumbamo panakhala McDonald, msuweni wawo wowotcherera zitsulo ku Chirimba, atavala jekete lobwereka, akulankhula m'malo mwa akuchikazi.

Margret anadzuka, nagwada patali pang'ono monga achitira kwa mlendo wolemekezeka.

"Mwatipeza tili pa nkhani za banja, abwana," anatero modekha. "Tsiku likadziwika tidzakutumizirani khadi."

Onesimo anayang'ana uku ndi uku kufuna pokhala, koma palibe amene anasendera. Anaimirira pang'ono padzuwapo, kenako anatsazika n'kutsetsereka kukadikira minibasi.