Mabomba m'Munda

Kunkhondo anamupatsa ntchito yokwirira mabomba pansi, ati chifukwa manja ake anazolowera dothi. Anzake ankangomutchula kuti Mlimi, ndipo dzinalo linamukhala, pakuti munthuyu akatsegula pakamwa inali nkhani ya munda basi. Ena akamakamba za akazi a m'tauni, iye ankadandaula za ng'ombe yake yotsimphina ndi denga la nkhokwe limene analisiya likudontha.

Masiku ake anali ofanana. Kudzuka, kumwa tiyi wopanda shuga m'chitini, kusenza bokosi la mabomba, kenako kukagwada m'minda ya anthu amene anathawa nkhondo. Ankakumba kadzenje ndi kafosholo, kukhazika bomba mofatsa ngati dzira, kukwirira, n'kuwazapo zinyalala kuti pasaoneke. Ntchitoyi ankaidziwa bwino, ndipo ankadana nayo ndi mtima wake wonse. Nthawi zina ankafinya dothi m'manja n'kulinunkhiza, chisoni chitamugwira kuti nthaka yabwino chotere igone osadzalidwa.

"Iwe Mlimi, ukununkhiza chiyani pamenepo?" sajeni wawo ankakalipa. "Tabwera kudzagula munda ife?"

Kwawo anasiya mkazi, ana awiri aang'ono, ndi munda umodzi wa m'mbali mwa mtsinje umene unkadyetsa banja lonse. Nkhani za kumeneko ankazimvera kwa mlamu wake, mchimwene wa mkazi wakeyo, amene ankayendetsa lole yobweretsa chakudya cha asilikali. Loleyo inafika tsiku lina masana, mitambo itayamba kale kusonkhana.

"Alamu, kuonda kumeneku bwanji? Chakudya ndimabweretsachi mumagulitsa?"

"Chimafika chochepa, alamu. Onani mimba yanuyo, mboni ndi imeneyo."

Dalaivalayo anaseka pang'ono, kenako anamukokera kuseri kwa lole. Anamuuza kuti asilikali a mbali yawo yomwe anadutsa kumudzi, ndipo pofuna kutseka njira ya adani anakwirira mabomba m'minda yonse ya kumtsinje. Wa Mlimi unali momwemo. Anakhomapo chikwangwani chofiira n'kumapita.

Chikwangwani! Mlimi ankamudziwa mkazi wake. Anali munthu woti mvula ikangonunkhira, khasu lili paphewa, ngakhale malungo atamugwira.

"Mukawauze mayi a ana kuti asalowemo. Adye mbewuyo, agulitse ng'ombe, apemphe kwa achibale, koma asapondemo. Mwamva, alamu?"

"Mlongo wanga mukumudziwa inu. Koma ndikanena."

Madzulo ake Mlimi anapita kwa sajeni kukapempha tchuthi, chipewa chili m'manja.

"Tchuthi? Pita ukawauze adaniwo kuti nawonso akalime, tikumane pokolola."

Zothawa anaziganiza, koma kwawo kunali kutali, ndipo wothawa akagwidwa ankamuwombera anzake akuona.

Mvula inagwa, yambiri, yolowa pansi bwino. M'zaka zonse za moyo wake Mlimi anali asanadanepo ndi mvula, koma iyi anaitukwana. Matenti anadontha, nsapato zinanunkha, maenje obisalamo anadzaza matope, ndipo iye ankangoyang'ana kumsewu.

Lole itabweranso, panalibe zoseka.

"Uthenga ndinapereka, alamu. Anandifunsa kuti ana adzadya chikwangwani kodi. Analowamo."

"Mayo ine!"

"Ali moyo, musagwe. Chakumtunda konse wadzala kale, chimanga chamera. Amayenda pang'onopang'ono, akubaya pansi ndi kamtengo. Ndiye wandituma funso. Akuti poti inu ntchito yanu ndi yomweyi, mumuuze kuti mumasiya mpata wotalika bwanji pakati pa bomba ndi linzake, kuti azidziwa polumpha."

Mlimi anagwira chitseko cha lole. Mkazi wake ankayesa kuti mabomba amadzalidwa ngati chimanga, phando ndi phando, pamzere wowongoka. Akanamuuza chiyani? Wokwirira wabwino sasiya mpata wofanana. Amaika pamene iye mwini akanaponda.

"Mpata palibe," anatero Mlimi. "Nanga ana amawasiya ndi ndani?"

"Za ana musade nkhawa, salowa nawo. Amawakhazika m'mphepete, pansi pa mtengo waukulu uja, azisewera pamthunzi."

Mlimi anakhala pansi m'matope momwemo. Aliyense wogwira ntchito imeneyi amadziwa kuti pakati pa munda umangomwaza ochepa. Ambiri umaika pamthunzi, pamene msilikali wotopa amatula katundu wake n'kukhala. Kuti ana ake anali asanapondepo mpaka tsiku limenelo unali mwayi chabe, ndipo ana sakhala malo amodzi.

"Alamu, tembenuzani loleyi. Pitani lero lomwe, mukawachotse pamtengopo. Ndakugwirani mwendo!"

Dalaivalayo anamvetsa, nkhope yake n'kugwa. Anayang'ana lole, anayang'ana msilikali wamfuti amene anakhala kale kutsogolo kuti amuperekeze.

"Andilamula kupita kutsogolo, kumene kukumenyedwako. Njira ya kwathu ndidzadutsanso mwezi wamawa, ngati mlatho udzakhale ulipo."

Mlimi anayesa kufunsa madalaivala ena. Palibe amene ankalowera kumeneko. Lole ya mlamu wake inalira, inaterereka m'matope, n'kukhota pakona.

"Mlimi! Bokosi lako likudikira ndani?" sajeni anakalipa.

Mlimi anadzuka, nasenza bokosilo, n'kutsatira anzake. Munda umene anawapatsa tsiku limenelo unali wolimidwa bwino, mizere yake yowongoka, ndipo kumapeto kwake kunali mtengo wa mthunzi wabwino. Sajeni analoza pomwepo.

"Yambira apo. Iwe ndiye umatha."