Tsitsi Likametedwe Kwawo

Lezala linali litafika kale pamutu pa Jacinta pamene malume ake, a Zakeyu, anakweza dzanja.

"Uyo musiyeni, a Edith. Tsitsi lake likametedwe kwawo ku Nathenje."

Linali tsiku lometa maliro a mayi Felesiya, mayi ake a Jacinta, ndipo mbumba yonse inali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo ku Mitundu. A Edith, ang'ono awo a malemu, anatsitsa lezala n'kuyamba kulipukuta pachitenje popanda chifukwa. Palibe amene anadabwa, ndipo ichi n'chimene chinamupweteka Jacinta kuposa mawu a malume ake. Anayang'ana nkhope imodziimodzi kufuna womukanira, koma aliyense anali atapeza choyang'ana pansi. Mudzi wonse unkadziwa, kupatula mwini wake.

Anali masiku aja matipate atangobwera, aliyense akuti pakamwa patseguka, ndipo a Zakeyu ufulu umenewu anaulandira ndi manja awiri. Analongosola pagulu kuti mlongo wawo sanasiye mwana wobereka yekha, kuti uyu anachita kubwera naye kuchokera kuchipatala cha mishoni ali khanda, choncho dimba la mbumba silingapite kwa munthu wobwera. Za dimbalo Jacinta sanazimve n'komwe. Anamanga duku, anabereka mwana wake Tadala kumbuyo, n'kudutsa pakati pa mitu yometa, wake wokha uli ndi tsitsi. Manyazi anamugwira.

Masiku otsatirawo ankatunga madzi anthu asanadzuke. Kenako manyazi aja anasanduka mkwiyo, ndipo mkwiyowo unagwera munthu amene sakanatha kudziyankhira. Mumtima ankawatcha mayi Felesiya abodza, akuba ana a eni, omwe anamulera ngati nkhuku yofungatira mazira a bakha, n'kufa osamuuza kanthu. Anapita kuchipatala kuja kukafunsa dzina la mayi amene anamubereka, koma anamuuza kuti buku la chaka chimenecho linadyedwa ndi chiswe. Anali a Edith amene anamutsatira kuchigayo, phokoso likuwaphimba, n'kumunong'oneza kuti akafunse Dorica, woumba mbiya, kuseri kwa msika wa Nathenje.

Anakwera minibasi kudzera m'tauni, Tadala ali pamwendo. Ku Nathenje ana anamulozera kanyumba kaudzu. Pakhonde panali mayi woonda akusalaza mbiya ndi chitsononkho. Mayiyo atadzutsa mutu sanafunse kuti ndinu ndani. Anasamba m'manja, anayala mphasa, iye n'kukhala padothi.

Moni unatalika chifukwa aliyense ankaopa chimene chinali kutsogolo kwake. Pamapeto pake a Dorica anafotokoza, maso ali pazala zawo. Anali mtsikana, mwana wa matenanti pa esiteti ya fodya. Mwini mimba anakana, makolo anamuthamangitsa, ndipo atachira mkaka sunatuluke. Pabedi loyandikana panagona mayi wa ku Mitundu amene khanda lake linabadwa lakufa, mawere akumupweteka.

"Ndiye anangonditenga?" Jacinta anafunsa.

"Sanakubeni, mayi. Ndinachita kuwagwira mwendo ndine. Ndinenso ndinawalumbiritsa kuti asadzakuuzeni. Iwo ankafuna. Ine ndinkaopa maso anuwa."

Mawu onse amene Jacinta anawanenera mayi Felesiya mumtima anamubwerera, ndipo manyazi a pakumeta paja anaoneka aang'ono. Kuti asalire pamaso pa mlendo, anafunsa kuti amuzindikira bwanji munthu amene anamuona komaliza ali khanda.

A Dorica anati anamuonera patali pamaliro, atabisala pakati pa amayi achilendo. Kenako anadzuka n'kumuitanira kumzati wa khonde. Mzatiwo unali ndi timizere tozokota ndi mpeni, kuyambira m'munsi kukwera mpaka pamsinkhu wa munthu wamkulu. Anati chaka chilichonse, anthu akatha kukolola, mayi Felesiya ankabwera kudzagula mbiya, ngati ku Mitundu kulibe oumba. M'chitenje ankamangirira luzi. Ankaliimika pamzatipo, a Dorica n'kuzokota pomwe lathera, kenako ankakhala mpaka dzuwa kupendeka akuwauza zonse: mano amera, wayamba sukulu, ndi waukali ngati ndani kaya, wapeza banja.

Apo Jacinta anakumbukira mayi ake akumuimika pakhomo, akumuyeza ndi luzi kuchokera kuchidendene mpaka pamutu. Mayiwo ankati n'za telala, koma diresi silinkabwera, ndipo iye ankawanyanyalira sabata yathunthu.

M'munsi mwa mzatiwo munali kamzere kamodzi katsopano, mtengo ukadali woyera mkati.

"Aka n'ka chaka chino," anatero a Dorica. "Anabwera miyendo itatupa kale, akupumira m'mwamba. Ndinawadzudzula kuti akanangokhala. Anati ayi, ndabweretsa msinkhu wa mdzukulu wathu."

Jacinta anamasula chitenje, anatsitsa Tadala, n'kumuimika bwinobwino pamzatipo, dzanja lake lili pamutu pa mwanayo. Anali atakapitirira kale kamzereko. A Dorica analowa m'nyumba kukatenga mpeni.