Khadi la Mayi Nachisale

Sabata yonse ija mtima wanga sunakhazikike, ndipo ine si munthu wovutika mtima chisawawa. Ndine Hezekiya Chadzunda. Ndinayamba ndi wilibala yobwereka, kunyamula matumba a mbatata pamsika, lero malole anga asanu ndi limodzi amadutsa malire a mayiko ngati akupita kudimba. Ndagonapo ku Beira, ku Joni, ku Lubumbashi, ndipo ku Dubai ndinakwera nyumba yaitali mpaka makutu anatseka. Konseko tulo ndinkagona ngati khanda. Koma sabata imeneyo, kwathu komwe, ndinkangotembenuka ngati chimanga chootcha.

"Chavuta n'chiyani, bambo a Tiyese?" anandifunsa mkazi wanga Nankhoma m'mawa wina. "Kapena lole yagwidwa pamalire?"

"Palibe chagwidwa. Ntchito ya Mulungu yandichulukira."

"Ntchito ya Mulungu imagonetsa tulo," anatero, n'kupitiriza kusesa.

Ndikufotokozereni za ntchitoyo. Nditabwerera kumudzi kudzakhazikika, mpingo wathu wa pa Kamphulusa unandisankha kukhala mkulu wa mpingo, kenako mlembi wa bwalo la akulu. Sanalakwitse. Ndinabweretsa zinkuzamawu zinayi, ndinaika magetsi a dzuwa padenga, ndipo zolengeza za maukwati, maliro ndi misonkhano zinayamba kuyenda pafoni. Abusa akatsokomola paguwa, anthu ankamva mpaka kumsika.

Kenako ndinafika pa nkhani ya makadi. Kwathu, mgonero ukayandikira, mkhristu aliyense amalandira khadi lolembedwa dzina lake. Tsiku la mgonero amaliponya m'mbale pakhomo la tchalitchi, ndipo potero timadziwa amene wafika pagome la Ambuye. Kuyambira kale, makadiwo ankapereka ndi akulu a mpingo, kuyenda khomo ndi khomo. Ine ndinati, abale, tikutheranji nsapato? Kumene ndayenda ine, munthu amapita yekha pawindo kukatenga chake. Makadi azikhala ku ofesi, aliyense azidzatenga yekha. Akulu anawomba m'manja, makamaka a mimba zolemera.

Chaka chitatha, makadi khumi ndi anayi anali akadali m'dirowa. Migonero itatu yadutsa, eni ake osaoneka. Lamulo lathu limati wojomba katatu popanda chifukwa, dzina lake lifufutidwe m'buku la mpingo. Ndipo mukudziwa tanthauzo lake: munthu amene sali m'buku akamwalira, mpingo suimba. Abusa safika, amayi a chigwirizano savala zoyera, bokosi limapita kumanda chete. Mayinawo ndinawatayipa ndekha papepala loyera bwino, ndipo bwalo loti liwafufute linali Loweruka, 2 koloko masana.

Lowerukalo ndinafika molawirira, dzuwa lili paliwombo. Ndinalowa m'katchalitchi kakale, kamene tsopano timaphunzitsiramo ana, chifukwa mumazizira bwino. Ndinakhala pabenchi ya kumbuyo, pepala lili m'thumba la jekete, mutu ndatsamiritsa kukhoma. Kunja wina ankayesa zinkuzamawu. Sindikudziwa kuti maso anatsekeka nthawi yanji.

Choyamba chimene ndinazindikira ndi chete. Zinkuzamawu zinasiya, mbalame zinasiya. Kenako fungo: dothi lozira kumene, ndi udzu wouma. Nditayang'ana kumwamba, malata kunalibe, denga linali laudzu monga linalili ndili mwana. Kuwala kunkalowa pang'ono pamawindo, fumbi likuyandama m'kati mwake osagwa. Ndiye ndinamva mapazi. Sanali a nsapato. Anali mapazi onyowa, akumata pansi n'kumatuka, pang'onopang'ono, kuchokera kukhomo.

Anali agogo Alufeyo, bambo a mayi anga, amene anakhala mkulu wa mpingo uno zaka makumi anayi ndipo anamwalira ine ndikadali pa wilibala. Anavala jekete lawo lakhaki lazigamba m'zigongono. Buluku anapinda mpaka m'maondo, ndipo miyendo yonse inali matope akuda a kudambo, madzi akudontha. Anakhala pambali panga, benchi osalira. Kuchokera kwa iwo kunkabwera kuzizira kwa dambo m'mamawa, kolowa mpaka m'mano.

Anatambasula dzanja. Sanapemphe, koma ndinadziwa, ndipo ndinawapatsa pepala lija. Anayendetsa chala pa mayina, limodzilimodzi, osafulumira. Pa lachisanu ndi chiwiri chalacho chinaima.

"Hezekiya."

"Wawa, agogo."

"Wayenda."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwawerengere mayiko, pajatu anamwalira asanamve. Koma anandidula mawu.

"Kutsidya kwa dambo sunafike," anatero. Madzi ankangodontha. "Khadi lilibe miyendo. Usafufute dzina la munthu usanaone khomo lake."

Anandibwezera pepala, n'kuimirira. Sanacheuke. Ndinamva mapazi aja akupita, mpaka anazimiririka.

Ndinadzidzimuka thukuta lili chuchuchu, zinkuzamawu zikulira monga poyamba. Ndinayang'ana pansi kufuna mapazi a matope, ndipo sindinama, panalibe. Simenti inali youma. Koma pepala linali m'manja mwanga, osati m'thumba. Ndinawerenga mpaka dzina lachisanu ndi chiwiri: Esitere Nachisale, wa ku Chinkhwiri, kutsidya kwa dambo.

Bwalo litakhala ndipo pemphero litatha, Abusa Kamtedza anati, "A mlembi, tiwerengereni mayina."

Ndinaimirira. "Abusa ndi akuluakulu, ndisanawerenge, ndalota."

"Masana ano?" anafunsa a Msampha, mkulu mnzanga amene sadutsitsa nthabwala. "Anthu olemera inu mumalota ndi masana omwe. Ife tulo ta usiku tomwe timasowa."

Ndinawasiya aseke, kenako ndinafotokoza zonse. Abusa anavula magalasi n'kuwapukuta ndi kansalu, monga amachitira akamaganiza.

"A Chadzunda," anatero, "bwalo lino siliweruza ndi maloto, ndipo akufa sitiwafunsa nzeru. Koma ndifunse amoyo muli panonu. Pa makomo khumi ndi anayi amenewa, ndani wa inu anafikapo chaka chino?"

Aliyense anayang'ana nsapato zake, ndipo zonse zinali zopolishidwa bwino.

"Ndiye pepalalo lidikire," anatero abusa. "Mgonero uli sabata yamawa. Gawanani mayinawo."

Ine ndinatenga lachisanu ndi chiwiri, ndipo sindinadikire kuti kuche. A Msampha anakwera nawo galimoto, akuti akaone ndi maso awo bwana wa malole akuwoloka dambo la Chinkhwiri mu Febuluwale. Galimoto yanga ndi yamphamvu, inakwerapo mapiri a ku Tete osapuma, koma pamphepete pa dambo inagonja. Ndinavula nsapato zanga za ku Joni, kuzimanga zingwe n'kuzikoleka m'khosi. Ndinapinda buluku. Khadi la mayi aja ndinaika m'thumba la malaya.

Matope anafika m'maondo. Pakati penipeni ndinaponda poterera, ndipo Hezekiya Chadzunda, amene anaimapo pamwamba pa nyumba ya ku Dubai, anagwa chafufumimba pakati pa achule. A Msampha anaseka mpaka anagwira bango.

Tinawapeza Mayi Nachisale atakhala pamphasa pakhonde, miyendo atatambasula, yowonda ngati misinde ya mapira.

"Odi kuno, mayi."

"Odini. Ndani ameneyo wabwera ngati nkhumba yochokera kosamba?"

"Ndine Hezekiya, mdzukulu wa a Alufeyo."

"Hezekiya wamamina uja, wakuba nzimbe zanga?" Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndamva uli ndi malole."

"Asanu ndi limodzi, mayi."

"Onsewo alephera kunyamula kapepala kamodzi?"

 

Anatiuza kuti miyendo inasiya kugwira ntchito mvula ya chaka chatha isanathe. Amakhala ndi mwana wa mchemwali wawo, amene amapemphera kwina ndipo amaswera kumunda. Foni alibe. Anatiloza m'nyumba, ndipo pachingwe tinaona bulauzi yoyera ya chigwirizano ndi duku lake, zokutidwa m'pepala la pulasitiki kuopa fumbi.

"Mphepo ikachokera kwanuko, zinkuzamawu zakozo ndimazimva," anatero. "Ndimamva ndithu: akhristu onse akatenge makadi ku ofesi. Ndiye ndimayang'ana miyendo yangayi, n'kuifunsa kuti mwamva? Siyankha. Katatu konse ndavala zoyerazo tsiku la mgonero, n'kukhala pompano kuyang'ana njira. Ndimati mwina mkulu wachedwa ndi madzi. Agogo ako dambo likadzaza ankawoloka khadi ataluma pakamwa kuti lisanyowe."

A Msampha anali atasiya kuseka.

"Ndamvanso kuti mukufufuta mayina," anapitiriza motsitsa mawu. "Imfa sindiiopa, mwanawe. Ndaimbira anthu maliro zaka makumi asanu, mvula ndi dzuwa. Chimene ndimaopa n'kupita chete."

Ndinapisa m'thumba la malaya. Khadi linali litanyowa, ngodya imodzi yathimbirira ndi matope, koma dzina linkawerengeka. Ndinagwada pakhonde paja, n'kulipereka ndi manja awiri.

"Mayi, mgonero uli Lamulungu la sabata yamawa. Mpingo ukukuitanani."

Analilandira, kuliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo, n'kulimanga pansonga ya chitenje. "Wachedwa," anatero, "koma wafika."

Tsopano mverani mmene munthu woyenda amagwirira ntchito akadzuka. Sabata imeneyo akulu onse tinali m'njira. Pa mayina khumi ndi anayi aja, asanu anali odwala osatha kuyenda. Atatu anapita kukagwira ntchito ku minda ya fodya. Anayi sadziwa kuwerenga, ndipo ankachita manyazi kukaima pa ofesi n'kumafufuza dzina lawo m'mulu wa makadi anthu akuona. Mmodzi anali atamwalira kwa mwana wake kutali, ndipo ife tikanamufufuta chifukwa chojomba. Mmodzi yekha ndiye anachokadi kupita ku mpingo wina, ndipo anatiuza mosabisa, n'kutipatsa maungu.

Lamulungu m'mawa ndinatenga mpando wa mu ofesi yanga, wachikopa, wozungulira, umene ndinabwera nawo pa sitima kuchokera kunja ndipo palibe wina anaukhalapo. Tinaumangirira pa nsungwi ziwiri. Akulu anayi tinawoloka dambo, ndipo tinabwerera Mayi Nachisale ali pamwamba, atavala zoyera, akutilamula ngati mfumukazi.

"Iwe Msampha, kweza mbali yako. Ukufuna ndikadyere mgonero kumwamba?"

Ine ndinali kutsogolo, ndipo ulendo uno sindinagwe.

Tsidya lino lole yanga yaikulu inali ikudikira, matiresi atayalidwa, odwala anayi ena ali kale m'menemo. Tinayenda pang'onopang'ono, hutala ikulira. Tisanafike n'komwe, amayi a chigwirizano anatuluka m'tchalitchi kudzatichingamira, zitenje akuyala pansi, nthungululu zikumveka mpaka kumsika popanda chinkuzamawu. Ndaonapo alendo akuluakulu akulandiridwa pa mabwalo a ndege, koma zoterezi sindinazionepo. Pakhomo, Mayi Nachisale anatiimitsa. Anamasula nsonga ya chitenje, n'kuponya okha khadi lamatope lija m'mbale.

Nthawi ya zolengeza ndinaimirira, buluku likadali lonyowa.

"Chilengezo choyamba," ndinatero. "Makadi a mgonero sadzapezekanso ku ofesi. Amene anayambitsa zimenezo ndi ine, ndipo ndi ine ndemwe ndazithetsa. Kuyambira lero mkulu aliyense azifika pakhomo panu. Mangani agalu."

Tchalitchi chonse chinaseka n'kuwomba m'manja, ndipo abusa anati ameni kawiri. Mawa lake ndinagulira akulu onse khumi ndi awiri majombo a mphira. Lero mipingo yoyandikana nayo imatuma anthu kudzafunsa kuti pa Kamphulusa timatani kuti gome la Ambuye lizidzaza chonchi, ndipo ndimawaonetsa majombowo. A Msampha mimba inaphwa, anaboola lamba kawiri.

Mayi Nachisale anadya nafe mgonero wina umodzi. Anatisiya mu Julaye, kukuzizira. Tinaimba masiku awiri osalekeza, amayi ovala zoyera atadzaza bwalo lonse la Chinkhwiri, ena atakhala m'mizere ya chinangwa. Popita kumanda nyimbo inayambira pakhonde paja, ndipo akutsogolo atafika kumanda, akumbuyo anali asananyamuke. Zinkuzamawu ndinabwera nazo, koma zinakhala m'lole. Sizinafunike.

Nthawi zina masana ndimakalowabe m'katchalitchi kakale, n'kukhala pabenchi ya kumbuyo ija, majombo ndavula pakhomo. Tulo timabwera bwinobwino. Agogo sanabwerenso, ndipo sindidabwa. Ndimawadziwa: akaona kuti ntchito ikuyenda, sankaonjezerapo mawu.